Kwa mayi amene afunsa za mwana wawo woponya mpira wa kiriketi

Amayi, mwafunsa ngati kuli koyenera kulola mwana wanu wamkazi wa zaka 14, yemwe mphunzitsi wake akuti ali ndi dzanja loponya mpira wa kiriketi mwaliwiro, kuti apitirize masewerawa, komanso ngati ali ndi tsogolo kuno kwathu. Ine ndikuti muloleni, koma muyang'anire kwambiri mmene akuphunzitsidwira, chifukwa woponya mpira amawonongeka mosavuta m'zaka zoyambirira, thupi lisanakhwime.

Pa nkhani ya tsogolo, khomo ndi lotsegula kuposa kale. Kuyambira pa 1 July 2018, bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse la ICC linayamba kuwerengera masewera aafupi a kiriketi otchedwa T20 a amayi a mayiko onse amene ndi mamembala ake ngati masewera apadziko lonse. Timu ya amayi ya Malawi inasewera koyamba motero mu August chaka chomwecho ku Gaborone, m'dziko la Botswana, ndipo mu November 2019 inalandira Mozambique konkuno ku Blantyre, pabwalo la Saint Andrew's, pa mpikisano wa Kwacha Cup. Choncho mtsikana wa ku Ndirande kapena ku Chilomoni akasankhidwa, zimene wachita pabwalo zimalembedwa m'kaundula yemweyo wa osewera a ku England ndi India. Onaninso zimene anachita Henriette Ishimwe wa ku Rwanda mu January 2023, pa mpikisano woyamba wapadziko lonse wa atsikana osakwana zaka 19 ku South Africa: anatulutsa osewera anayi a Zimbabwe ndi mipira inayi yotsatizana. Rwanda si dziko limene linali ndi mbiri yaitali ya kiriketi. Komabe kiriketi ya amayi kuno sinafike polemeretsa munthu, ndiye sukulu isasiyidwe, MSCE ailembe bwinobwino.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'funso lanu ndi mawu akuti liwiro. Mwana akangotamandidwa kuti amaponya mwamphamvu, amayamba kufuna kuonetsa mphamvuzo tsiku lililonse, ndipo akuluakulu amamupatsa mpira mobwerezabwereza chifukwa ndi iye amene amawinitsa timu. Koma kuponya mwaliwiro kumapweteka msana. Phazi lakutsogolo likamaponda pansi, thupi limapindika ndi kupotoka nthawi imodzi, ndipo kwa mwana amene mafupa ake akukulabe, timafupa ta kumunsi kwa msana titha kuchita mng'alu pang'onopang'ono popanda wina kuzindikira. Akadandaula kuti kumunsi kwa msana kukupweteka mbali imodzi, makamaka akamaweramira chagada, musamuuze kuti apirire. Asiye kuponya ndipo akaonedwe kuchipatala. M'masewera a T20 munthu mmodzi saloledwa kuponya maova opitirira anayi, ova iliyonse mipira 6, koma pokonzekera palibe woyimbira amene amawerenga, ndiye kumeneko n'kumene ana amatopetsedwa. Mufunseni mphunzitsi wake kuti mwanayo akuponya mipira ingati pa sabata, ndipo ndi masiku ati amene amapuma. Mphunzitsi wabwino sangakhumudwe ndi funso limeneli.

Pa msinkhu wake, chofunika n'chakuti aphunzire kugwetsa mpira pamalo amodzi. Kuchokera pa wicket ina (timitengo titatu timene womenya mpira amateteza) kufika pa inzake pali mamita 20 ndi pang'ono. Ayale kansalu kakang'ono pansi, mapazi angapo kutsogolo kwa pamene womenya amaima, agwire mpira ndi chala chamkombaphala ndi chapakati m'mbali mwa msoko, chala chachikulu pansi, kenako aziponya mofatsa mpaka kansaluko azikagunda kawirikawiri. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo palibe amene amaiombera m'manja, koma ndi imene imatulutsa omenya mpira. Aonetsetsenso kuti chigongono sichikupindika n'kuwongoka poponya, chifukwa malamulo salola kuwongola kopitirira madigiri 15, ndipo chizolowezi choipa chikakhazikika pa zaka 14 chimavuta kuchichotsa pa zaka 20. Mpira wake ukhale wa amayi, wolemera magalamu 140 mpaka 151, osati wa abambo umene umayambira pa magalamu pafupifupi 156.

Liwiro limabwera lokha thupi likamakula. Shabnim Ismail wa ku South Africa anayamba kusewerera dziko lake mu 2007 ali ndi zaka 18, koma mpira wake wothamanga makilomita 132.1 pa ola anauponya mu March 2024, ali ndi zaka 35. Ndipo mukadzaona kuti msana sukulola, kulinso njira yoponya mpira wozungulira. Sophie Ecclestone wa ku England anayamba kusewerera dziko lake mu 2016 ali ndi zaka 17 akuponya motero ndi dzanja lamanzere.

Kwa inu, amayi, ndikupempha kuti mumugulire nsapato zogwira bwino pansi ndalama ikapezeka, mumupatse madzi okwanira m'miyezi yotentha ya October ndi November, ndiponso mudziwe amene amayenda naye timu ikapita kutali, makamaka ngati pali munthu wamkulu wamkazi. Loweruka lina mupite nokha kubwalo mukakambirane ndi mphunzitsi wakeyo pamaso.