Kuyankha amalume za mayi Hutchins uja

Amalume, mwaswera bwanji kumeneko? Funso lanu ndaliona mochedwa, ndinali kuntchito, ndiye ndangoti ndiyankhe ndi pakamwa chifukwa kuti ndilembe zonsezi zala zitopa. Mwafunsa za chithunzi ndinaponya pagulu pano chija, tili pabwalo la softball la University of Michigan ku Ann Arbor, kuti kodi Carol Hutchins amene dzina lake lalembedwa pakhoma paja ndi ndani, komanso zimatheka bwanji munthu mmodzi kukhala kochi wa timu imodzimodzi zaka 38, pomwe kwathu kochi akangoluza magemu atatu anthu ayamba kale kukuwa kuti achoke. Eee, ndaseka, koma funso lake ndi lenileni.

Ndiyambe ndi masewerawo pang'ono chabe, kuti azakhali nawonso atsatire. Timu iliyonse imalowetsa anthu 9. Wina amaponya mpira wachikasu, wolimba, wodzaza dzanja. Saponyera pamwamba pa phewa ayi, amazunguliza mkono wonse n'kuutulutsira m'munsi pafupi ndi chiuno, ndipo atsikana odziwa amauthamangitsa kupitirira makilomita 100 pa ola, pamtunda wa mamita 13 okha. Wa timu inayo waima ndi ndodo kuti aumenye. Akaumenya amathamanga kudutsa malo atatu n'kubwerera pamene anayambira, chimenecho ndiye chigoli chimodzi. Amasinthana choncho maulendo 7, aliwonse amawatcha inning. Basi, kuti mumve nkhaniyi zimenezo zakwana.

Ndiye mayiwa. Kuno palibe amene amatchula dzina lonse, aliyense amangoti Hutch. Anabadwira ku Lansing mu 1957, momwe muno mu Michigan, ndipo sukulu anachitira ku Michigan State, komwe ankasewera softball ndi basketball yomwe. Mu 1976 timu yawo ya softball inatenga chikho cha dziko lonse iwo ali m'bwalo. Tsono apa mumvetse bwino. Michigan State ndi University of Michigan ndi masukulu awiri osiyana, ndipo pamasewera samwerana madzi, ena amavala zobiriwira, ena zabuluu ndi zachikasu. Zili ngati munthu wakulira ku Bullets, wasewera kumeneko, kenako n'kukakalambira ku Noma ali kochi mpaka kumulemba dzina pabwalo. Ndi zimene zinachitikazo.

Koma chimene ine chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene anachita akadali mwana wa sukulu. Mu 1972 boma la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Title IX, lonena kuti sukulu iliyonse yolandira ndalama za boma isasiyanitse amuna ndi akazi, ndipo zamasewera zili momwemo. Lamulo linalipo papepala, koma pansi zinthu zinali zakale zomwe. Timu ya basketball ya anyamata ikapita kukasewera kutali ankagona awiriawiri m'chipinda, atsikana anayianayi, awiri bedi limodzi. Ndalama ya chakudya ya patsiku, ya atsikana inali yochepa. Atsikanawo anadandaula, sizinasinthe, mpaka mu 1979 anaitengera sukulu yawo yomwe kukhoti, ndipo dzina limene linatsogola pamlanduwo linali la Hutchins. Khoti linalamula kuti zakudya ndi zogona zifanane. Taganizirani amalume, mtsikana wa zaka 21, akudya za sukuluyo, n'kuisumira. Ambiri tikanangoti tiyeni tipirire timalize kaye, tisadzipalire makala pamutu.

Atamaliza anapita ku Indiana kukachita digiri yachiwiri, kenako mu 1982 anakhala kochi wamkulu pa kasukulu kena kotchedwa Ferris State, chaka chimodzi chokha. Ku Michigan anafika mu 1983 ngati wothandizira, ndipo mu 1985 anawapatsa timu yonse. Musaganize kuti anapeza zimene mwaziona pachithunzi zija, mipando ya anthu masauzande, magetsi, chikwangwani chachikulu cha zigoli. Kunalibe zimenezo. Malipiro anali ochepa, ndipo bwalo ankasamalira okha, kukwera thirakitala kusalaza dothi, kuthira laimu m'mizere gemu isanayambe, kenako n'kusamba m'manja kukakhala kochi. Ndiye mukandifunsa kuti anakhalitsa bwanji, yankho loyamba ndi limenelo. Zaka zoyambirira palibe amene ankaulimbirana mpandowo. Pamene anthu ankadzazindikira kuti softball ya atsikana ikhoza kudzaza bwalo ndi kuonetsedwa pa TV, nyumba inali itamangidwa kale, womanga wake ali momwemo.

Chachiwiri, ntchito ya kochi wa pa yunivesite kuno ndi ina. Sagula osewera ngati makalabu. Amayenda m'masukulu a sekondale ndi m'mipikisano ya achinyamata, kuona mwana, kukakhala pansi ndi makolo ake, kuwauza kuti ndipatseni mwana wanu, sukulu imulipirira maphunziro, ine ndimulera zaka zinayi. Zaka zinayi zikatha mwanayo amapita, kaya ndi katswiri chotani. Ndiye chaka ndi chaka timu imaguluka mbali imodzi, iwe n'kuyambanso kuphunzitsa ena kuyambira pansi. Komanso mwana akalephera m'kalasi saloledwa kusewera, ndiye kochi amayang'ananso magiredi. Akuluakulu a sukulu akamamuyeza sayang'ana gemu ya Loweruka lapitali yokha. Amayang'ana kuti kodi ana akumaliza maphunziro, kodi kulibe zochititsa manyazi, kodi timu ikupambana kuposa mmene ikuluzira. Ndipo apa mayiwa analibe powagwira. M'zaka zonse 38 palibe ngakhale chaka chimodzi chimene analuza magemu ambiri kuposa amene anawina. Ligi yawo ya kuno, Big Ten, anaitenga ka 22.

Tsono pali nkhani ya nyengo, imene inu kumeneko simungaiganizire. Softball ya makoleji imayamba mu February. Mu February kuno bwalo lakwiririka ndi chipale, dothi lauma gwa, ukatulutsa dzanja m'thumba zala zimafa. Anzawo a ku California, Arizona ndi Florida amakhala akusewera panja chaka chonse, dzuwa lili phwee. A ku Michigan amachitira maphunziro awo m'nyumba, ndipo mwezi woyamba ndi theka amangokhalira pa ndege, kumapeto kwa sabata iliyonse kupita kumwera kukasewera kwa eni ake, Lolemba n'kubwerera m'kalasi. N'chifukwa chake kuyambira 1982, pamene NCAA, bungwe loyang'anira masewera a m'makoleji, linayamba kuyendetsa chikho cha dziko lonse cha softball, chinkangozungulira chakumadzulo, makamaka UCLA ya ku California ndi Arizona. Anthu ankangoti timu ya kozizira singachitenge, zatha.

Ndiye kunabwera 2005. Chaka chimenecho Michigan inasewera magemu oposa 30 oyambirira onse koyenda, osaponda pabwalo lawo, ndipo pomaliza chaka anali atawina 65, kuluza 7 okha. Mafainolo amachitikira ku Oklahoma City chaka chilichonse, ndipo kumeneko anakumana ndi UCLA, amene anali atatenga chikho zaka ziwiri zotsatizana. Wopambana magemu awiri mwa atatu ndiye mwini chikho. Yoyamba Michigan inakwapulidwa 5 kwa 0. Yachiwiri anabweza, 5 kwa 2. Yachitatu, ma inning 7 atha zili 1 kwa 1, akuwonjezera, zili pomwepo, mpaka inning ya 10. Woponya wawo, Jennie Ritter, mwana wa ku Dexter pafupi pomwe pano, mkono watopa koma akukanabe kugonja. Kenako kamtsikana ka chaka choyamba, Samantha Findlay, kanaima ndi ndodo anzake awiri ali kale panjira, n'kuumenya mpira kudutsa mpanda. Zigoli zitatu nthawi imodzi, 4 kwa 1. Imeneyo inakhala timu yoyamba ya kum'mawa kwa mtsinje wa Mississippi kutenga chikho cha NCAA cha softball. Kavidiyo kake kali pa YouTube, muuze Junior akutsegulireni. Anthu a kuno amene anaonera usiku umenewo mpaka lero amakuuza pamene anakhala.

Koma ndinene chilungamo, chifukwa ndikudziwa mundifunsa. Ali kochi, chikho cha dziko lonse anatenga chimodzi chomwecho. Ku Oklahoma City anafikako ka 12, mu 2015 anafikanso mu fainolo koma Florida inawagonjetsa. Pali makochi ena a zikho zambiri. Mike Candrea wa ku Arizona anatenga 8, ndiponso ndi amene anatsogolera timu ya America kukatenga golide ku Olympics ya 2004 ku Athens. Patty Gasso wa ku Oklahoma, amene ali pamenepo kuyambira 1995, anatenga zinayi zondondozana kuchokera 2021 mpaka 2024. Ndiye wina akati Hutch si wamkulu kuposa onse, ine sindikangana naye. Ndimangoti Candrea ankaitana mwana kuti bwera ku Tucson ku Arizona kuli dzuwa, pomwe mayiwa ankayenera kunyengerera mwana wa ku California kuti asiye dzuwa abwere adzavale majekete awiri. Ndipo ankabwera. Sierra Romero, mmodzi mwa akatswiri amene Michigan inakhalapo nawo, anachokera ku California komweko, ndipo mu 2016 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'makoleji.

Pa chiwerengero cha magemu owina, awiriwa ankapitirirana. Candrea anapuma mu 2021 ali ndi 1,674. Kumayambiriro kwa 2022 Hutch anamudutsa, ndipo mu August chaka chomwecho analengeza okha kuti basi ndapuma, ali ndi 1,707, kuposa kochi wina aliyense wa softball m'masukulu akuluakulu pa nthawiyo. Pa University of Michigan penipenipo palibe kochi wa masewera alionse, aamuna kaya aakazi, amene anawina magemu ochuluka chotero, ndipo imeneyi ndi sukulu imene bwalo lake la mpira wa chiAmerica limalowa anthu oposa 100,000.

Za amene anatenga malo, apa ndi pamene ndikufuna a komiti a timu ya kwathu kuja amve, inu muwafotokozere. Sanapite kukasaka munthu wa dzina kunja. Anapatsa Bonnie Tholl, amene anasewerapo pansi pa Hutch yemweyo ali mtsikana, kenako n'kukhala wothandizira wake pafupifupi zaka 30. Zaka 30 amalume, munthu ali wachiwiri, osamukumbira mnzake pansi. Ine zimenezo zimandidabwitsa kuposa 38 zija.

Kungoti masiku ano zinthu zasintha ndithu. Mwana akaona kuti sakupatsidwa mpata amangolembetsa kuti asamukire sukulu ina, chaka chamawa wavala kale yunifomu ya adani, ndipo kuyambira 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo. Ndiye kulera mwana zaka zinayi kuja, kumukhazika pabenchi chaka choyamba kuti aphunzire, kwavuta. Kochi woyamba ntchito lero, ine ndikuona kuti 38 sangaione.

Chisomo mwamuona pachithunzi atavala chipewa uja sanalowe timu ayi, musayambe kuuza anthu kutchalitchi. Akungoyesera ya kusukulu kwawo, ndipo pakadali pano mpira akuuopa kuposa mmene akuumenyera. Ndasiyira pompa, mphika uli pamoto. Mupereke moni kwa azakhali, ndipo za feteleza zija ndiyankha padera mawa.