Za 502 ya nginx ija: siyani cat, yambani ndi kumapeto kwa fayilo

Achimwene, mwati webusaiti yanu ikumatulutsa 502 (nambala ya vuto yochokera ku nginx, pulogalamu yopereka masamba a webusaiti) mwa apo ndi apo, ndipo mukalemba cat (lamulo loonetsa fayilo yonse) pa error.log, fayilo imene nginx imalembamo mavuto, mizere imangothamanga pa sikirini osagwirapo kanthu. Log imakulira kumapeto, ndiye zomwe mukufunazo zili pansi. Lembani tail -n 100 /var/log/nginx/error.log muone mizere 100 yomaliza. Ikakana ndi Permission denied, yambani ndi sudo (imakupatsani mphamvu za woyang'anira seva), kapena dziikeni m'gulu la adm, lololedwa kuwerenga ma log, poti muli pa Ubuntu.

Anzathu ena muno akuuzani kale za tail -f, imene imaonetsa mizere yatsopano ikamalembedwa, ndipo sakunama. Koma ine inandichititsapo manyazi. Ndinaisiya ikuyenda usiku wonse, m'mawa ndinapeza zii, mpaka ndinauza anzanga kuti vuto latha. Osadziwa kuti logrotate, pulogalamu yosunga padera ma log akale, inali itasintha dzina la fayilo kukhala error.log.1, nginx n'kuyamba kulemba mu ina yatsopano, tail yanga ili phee kudikirira pa yakale. Ikani F wamkulu. tail -F imatsatira dzina, fayilo ikasinthidwa imatsegula yatsopanoyo yokha.

Ine masiku ano ndimakonda less --follow-name +F, kenako dzina la fayilo. Imayenda ngati tail, koma mukaona chokayikitsa mumadina Ctrl+C, n'kubwerera m'mwamba, n'kufufuza ndi ?upstream (upstream ndi dzina limene nginx imatchulira pulogalamu ya kumbuyo kwake). Mukatha, Shift+F ikubwezerani kumapeto. Simufunika kutsegula fayilo kawiri.

Tsono 502 nthawi zambiri olakwa si nginx. Iye akungonena kuti pulogalamu ya kumbuyo kwake, kaya ndi PHP-FPM kaya gunicorn, sinamuyankhe bwino. Mukaona mzere wa connect() failed (111: Connection refused), nthawi zambiri ndiye kuti pulogalamuyo inali itagwa. Tsegulani terminal yachiwiri, mulembe journalctl -u, dzina la service yanu (pulogalamu ya kumbuyo ija), ndi -f, kuti log yake ituluke, muziona zonse ziwiri limodzi n'kumafananitsa nthawi. Ngati seva yanu ili ndi RAM yochepa, yesaninso journalctl -k | grep -i "out of memory", mwina kernel, mtima wa Linux, ndi imene ikuipha pulogalamuyo.

Zadzana zili m'mafayilo opanikizidwa a .gz, musavutike kuwamasula, zgrep upstream /var/log/nginx/error.log.*.gz ikwanira. Mukapeza mizere yake tiponyereni muno tione, koma muyambe mwafufuta ma IP ndi ma token (makiyi achinsinsi).