Yankho: Zoona, ku Taiwan amatchezadi wisiki

Achimwene, mwafunsa ngati botolo la Kavalan lomwe munaliona lija ndi la ku Taiwan, komanso ngati dziko lotentha lingapange wisiki wabwino. Ndi lakomweko ndithu.

Kale boma lokha ndilo linali ndi chilolezo chopanga mowa m'dzikomo. Zinasintha mu 2002 Taiwan italowa m'bungwe loona za malonda pakati pa mayiko la WTO. Kampani ya King Car, yodziwika kale ndi khofi wam'zitini wa Mr. Brown, inamanga fakitale ku Yilan mu 2005, n'kutcheza koyamba mu 2006. Botolo loyamba la Kavalan linatuluka mu 2008. Dzina loti Kavalan ndi la mtundu wa anthu omwe ndi eni nthaka a derali.

Katchezedwe sikasiyana kwenikweni ndi ka kachasu, kungoti iwo amagwiritsa ntchito chimera cha balere, chomwe amachita kuitanitsa kunja, ndi mipoto ikuluikulu ya kopa. Nkhani yagona pa migolo ya matabwa. Kukatentha, mowa umayamwa msanga fungo ndi mtundu wa thabwa, ndiye wazaka zinayi kapena zisanu amakhala atakhwima kale. Koma kutenthako kumadyanso phindu: ku Scotland mgolo umataya pafupifupi 2 peresenti pachaka ngati nthunzi, pomwe ku Taiwan umataya 10 peresenti kapena kuposerapo. N'chifukwa chake mtengo wake umawawa.

Mu 2015, wisiki wa Kavalan wotchedwa Solist Vinho Barrique anasankhidwa kukhala single malt (wisiki wa chimera cha balere chokha, wa fakitale imodzi) wopambana padziko lonse pa mpikisano wa World Whiskies Awards. Aliponso wina wotchedwa Omar, wa fakitale ya boma ku Nantou, ngakhale ameneyu sapezeka wamba.