Kwa adzukulu anga amene mwayamba kugwira gitala

Adzukulu anga, mafunso anu andipeza. Ena munabwera nawo nokha pakhonde pano, ena munatumiza pa foni ya mdzukulu wanga amene amandiwerengera poti maso anga ayamba kuchita nkhungu. Atatu ndi amene andikhala pamtima. Mnyamata wa ku Makawa akuti wagwira gitala milungu itatu, zala zatuluka matuza, chord (kagwiridwe kodina mawaya angapo pamodzi) ya F ikukana, anzake akumuseka, ndiye akufunsa ngati kuli bwino angosiya poti mwina luso alibe. Mtsikana wa ku Namwera, wa Fomu 2, akuti mtima wake uli pa gitala koma bambo ake anena kuti pakhomo pawo sipalowa chida cha anthu a m'mabala, komanso kuti zimenezi si za atsikana. Wachitatu ndi wa kwa Mpondasi. Iye gitala alibe, amabwereka ya kwaya, komanso ndi wamanzere.

Ndiyambe ndi iwe wa ku Makawa. Matuzawo palibe amene anawalumpha. Funsa aliyense amene amakoka khoka kapena kupalasa bwato kuti manja ake anali otani sabata yoyamba. Mawaya a gitala ndi chitsulo, nsonga za zala zako ndi khungu lanthete, ndiye zimatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti khungulo likhuthale. Likakhuthala ululu umatha wokha. Matuzawo usawaboole, ndipo pakatuluka magazi upume tsiku limodzi kapena awiri. Mphindi 15 m'mawa ndi zina 15 madzulo, tsiku ndi tsiku, zimapindula kuposa kukhalira gitala maola atatu Lamlungu lokha. Chinanso chimene inu a m'mbali mwa nyanja muyenera kudziwa: usagwire mawaya utangovuuka m'madzi kapena utangochapa. Khungu likanyowa limafewa, ndipo waya amasenda kakhungu kolimba kaja kamene wakavutikira milungu yonseyi. Dikira zala ziume bwinobwino. Zikhadabo za dzanja logwira khosi la gitala uziwenge zifupike, apo ayi chala sichiima chilili pa waya.

Koma usanaweruze zala zako, yamba wayang'ana gitalayo. Magitala ambiri amene amazungulira m'midzi muno anapindika khosi ndi kutentha kwa kuno. Yang'ana pa khosi, pa kachitsulo kopingasa ka nambala 12, timene oimba amati fret. Mpata wa pakati pa waya ndi kachitsuloko usapitirire kwambiri mamilimita 3. Ngati mpaka pensulo ikulowapo, vuto si iwe ayi, ngakhale katswiri angalire nayo gitala imeneyo. Pita nayo kwa munthu wodziwa akapale pang'ono kafupa kamene mawaya amatsamirapo kumimba kuja, ndipo mawaya akaduka ugule opyapyala.

Ine gitala ndinaiona koyamba m'manja mwa malume anga atabwera kuchokera ku Joni. Nthawi imeneyo amuna ambiri a kuno ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, mpaka 1974 pamene ndege inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri, a Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Obwerako ankabwera ndi njinga, masutikesi, wailesi, ena magitala. Ya malume inali Gallotone, yofiirira, yothetheka pakona. Nditawapempha kuti andiphunzitse, mwezi wathunthu sanandionetse chord ngakhale imodzi. Madzulo aliwonse ankamasula mawaya onse asanu ndi limodzi, n'kundipatsa kuti ndichune. Ndikamaliza ankaliza kamodzi, n'kupukusa mutu, n'kumasulanso. Ndinkalira ndi mkwiyo kuseri kwa nkhokwe. Lero ndimawathokoza, chifukwa khutu limene anandisulira ndi limene ndikadali nalo pamene zala zayamba kuuma ndi ukalamba.

Inu muli ndi mwayi wa mafoni amene amakuuzani ngati waya wakwera kapena watsika. Gwiritsani ntchito, si tchimo. Koma foni imatha moto, ndiye dziwaninso njira ya khutu. Kuyambira pa waya wonenepa wa pamwamba kutsika mpaka wowonda, mayina ake ndi E, A, D, G, B, E. Ukadina waya wonenepayo pa fret 5, azilira mofanana ndi waya wotsatira wosadina. Uchite chimodzimodzi kutsika nawo. Pa waya wa G pokha ndi pamene umadina pa fret 4 kuti upeze B, kenako ubwerere pa 5 kuti upeze wotsirizayo. Mawaya awiri akayandikana koma asanafanane, umamva kamawu kakunjenjemera ngati madzi a m'ndowa yogwedezeka. Uzipotokola pang'onopang'ono mpaka kunjenjemerako kuleke. Anzako amene akukusekawo mwina sakuseka zala zako, akuseka gitala yosachuna.

Za F, isiye kaye. Ndani anakuuza kuti uyambire pamenepo? Mwana sayambira kuthamanga. Yamba ndi chord ya Em, ya zala ziwiri zokha. Kenako Am. Ukaigwira Am, yang'ana bwino dzanja lako: chala cha mkombaphala chili pa waya wa B fret 1, chapakati pa D fret 2, chachitatu pa G fret 2. Tsopano ziwiri zoyambazo usazisunthe, ungonyamula chachitatucho n'kukachiika pa waya wa A fret 3. Imeneyo ndi C. Waona? Chala chimodzi chokha chayenda. Bwereza zimenezo kambirimbiri mpaka uzitha uli chitsinzinire. Chala chizidina pafupi ndi kachitsulo, kumbuyo kwake pang'ono, osati pamwamba pake, ndipo chala chachikulu chikhale kuseri kwa khosi. Ukadziwa G, C ndi D, nyimbo zambiri za m'kwaya ndi za pa wailesi zatseguka kale. F ikadzafika nthawi yake, uyambe ndi yaing'ono, yogoneka mkombaphala pa mawaya awiri owonda okha. Nyimbo ikakutsikira mawu, tenga pensulo, uigoneke pa fret 2, uimange zolimba ndi mphira ya chubu cha njinga kuseri kwa khosi, ndipo nyimbo yonse yakwera popanda kuphunzira kagwiridwe katsopano.

Achinyamata ambiri maso amangokhala pa dzanja lodina mawaya, kuiwala kuti moyo wa nyimbo uli ku dzanja lokwapula. Ife a kuno tinakulira m'ng'oma za beni ndi manganje, kugunda tili nako m'magazi, ndiye musakutaye mukagwira gitala. Phazi lizigunda pansi, dzanja lisaime ngakhale chord yaphonyeka. Munthu wovina amakhululuka chala chikaterereka, koma sakhululuka ukamuimitsa pakati pa sitepe. Mukapeza mpata, fufuzani pa YouTube maimbidwe a malemu Daniel Kachamba a ku Chileka, amene anatisiya mu 1987. Mverani mmene chala chachikulu chinkayendetsera besi pamene zala zina zikuimba nyimbo pamwamba, gitala imodzi kumveka ngati anthu atatu. Iwo ndi mng'ono wawo Donald ankaimba m'misewu ya Blantyre pamene katswiri wa nyimbo wa ku Austria, Gerhard Kubik, anawapeza mu 1967 n'kuyamba kujambula nyimbo zawo.

Tsopano iwe mdzukulu wanga wa ku Namwera. Nkhani yako ndaigonera masiku awiri. Usawaone bambo ako ngati mdani. Mantha awo ali ndi pochokera. A msinkhu wathu tinaona anyamata aluso amene gitala inawatengera ku mowa, kulipidwa ndi chipanda m'malo mwa ndalama, kusiya akazi ndi ana, kufa ali anyamata. Ena a iwo ndinaimba nawo, ndipo ndinanyamula nawo maliro awo. Bambo akamva gitala amaona zimenezo, ndipo pa mwana wamkazi amaonanso kuyenda usiku ndi amuna osawadziwa. Pokhapo ponena kuti si za atsikana ndi pamene ndikusiyana nawo. Waya sadziwa kuti chala chomudina n'cha mwamuna kapena cha mkazi. Ku Lilongwe kuli sukulu ya Music Crossroads kumene atsikana amaphunzira zida limodzi ndi anyamata, masana, pamaso pa aphunzitsi.

Chimene sindikufuna kumva n'chakuti ukuphunzira mobisa. Tsiku limene adzakugwire, udzakhala watsimikiza zonse zimene ankaopa. Usakanganenso nawo pamaso pa ana anzako. Kwathu kuno mwana wamkazi ali ndi mwini mbumba. Yamba wauza amayi ako, kenako mupite limodzi kwa malume ako, ukagwade, ufotokoze bwinobwino. Malumewo ndi amene akakhale pansi ndi mlamu wawo. Upite ndi mayankho okonzeka: ukaphunzira kuti, akuphunzitsa ndani, masiku ati, ndipo uzikhala utafika pakhomo dzuwa lisanalowe, madzi utatunga, mbale utatsuka. Lipoti la kusukulu likhale umboni wako. Likatsika chifukwa cha gitala, ngakhale ine ndidzakhala mbali ya bambo ako.

Mwina adzakanabe, makamaka ngati kukanako kukuchokera pa chipembedzo, poti alipo mabanja ena, achisilamu ndi achikhristu omwe, amene zida zoimbira sazilola. Zikatero usathyole mpanda. Uli pakhomo pawo, ukudya nsima yawo. Khutu lokha palibe angakuletse kulisula: mvera nyimbo, uzindikire pamene chord yasintha, uziwerenga kugunda kwake uku ukusinja. Nthawi ilipo. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu anabadwa mu 1930, anakaimba ku America mu 2016 ali ndi zaka 86, ndipo dziko lonse linadzawadziwa bwino atakwana zaka 90, ataimba limodzi ndi Patience Namadingo. Iwe uli ndi zaka zingati kuti uziti nthawi yakuthera?

Wa kwa Mpondasi, za kubwereka ndikuuza zimene zinandichitikira ine. Tsiku lina malume atachoka ndinatenga Gallotone ija osapempha, kupita nayo kudooko kukadzionetsa kwa anzanga. Mabwato atafika ndi usipa ndinaitsamiritsa pa thandala n'kuthamangira kukathandiza. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa la Mangochi mukulidziwa. Pobwerako ndinapeza kathabwa kogwira mawaya kumimba kuja katanyamuka, guluu atasungunuka. Ndinaibweza mwakachetechete pamalo pake, osanena kanthu. Malume ataiona sanandimenye. Anangoti, kuthyola gitala ndi ngozi, koma kukhala chete ndi kuba. Anatha miyezi itatu osandilola kuikhudza, ndipo mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero. Ndiye iwe, gitala ya kwaya uzipempha nthawi iliyonse, ngakhale anakulola dzulo. Uzibweza pa ola limene munagwirizana, utaichuna, mawaya utawapukuta ndi kansalu kouma chifukwa thukuta limachititsa dzimbiri. Waya akaduka m'manja mwako, nena tsiku lomwelo ndipo ugule wina. Usaibwereketse kwa mnzako. Isagone padzuwa, pafupi ndi moto, kapena kutsamira khoma lachinyontho nthawi ya dzinja.

Uku ukubwereka, panga yakoyako. Galoni ya mafuta, thabwa lowongoka, misomali, ndi timawaya tosomola ku kebulo ya buleki ya njinga, zimenezi pa msika wa Mangochi sizisowa. Usachite nazo manyazi. Malemu Allan Namoko a ku Thyolo anali osaona, koma ndi banjo yawo anagwedeza dziko lino pa wailesi ya MBC. Anyamata awiri a Madalitso Band anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni (chida chachikulu cha waya umodzi) wopanga okha ndi gitala ya mawaya anayi, lero amakaimba ku Ulaya.

Za umanzere, kale akanakumenya dzanja kuti usinthe, koma pa gitala manja onse awiri ali ndi ntchito. Poti gitalayo si yako, usasinthe mawaya ake. Yesa kaye kuigwira monga amagwirira ena onse kwa mwezi umodzi, chifukwa dzanja lako lamphamvulo likhala lodina mawaya, ndipo amanzere ambiri amaimba choncho. Zikakanika, itembenuze mawaya ali momwemo. Mayi wina wa ku America, Elizabeth Cotten, ankaimba chotembenuza chomwecho moyo wake wonse, ndipo analandira mphoto ya Grammy mu 1985 atapitirira zaka 90.

Nonse atatu, ndi ena amene mukuwerenga, mverani izi. M'mudzi mukagwa zovuta gitala imapachikidwa mpaka maliro ataikidwa, pokhapokha ngati a mpingo akupemphani. Mukamva kuitana kwa swala ku mzikiti, ikani dzanja pa mawaya mpaka kuthe, kaya ndinu Msilamu kaya ayi, ndipo muchite chimodzimodzi pafupi ndi tchalitchi mapemphero ali mkati. Usiku kumbukirani kuti asodzi ena angogona kumene, ndipo ena ali ndi odwala m'nyumba. Wamkulu akafika pamene mukuimba, imani, mupereke moni, mumupatse mpando, akakuuzani kuti pitirizani ndiye mupitirize. Musakhale pa mjigo kumaimbira ana aakazi a eni ake akutunga madzi. Ndipo mukayamba kupeka nyimbo zanu, musatchule munthu dzina pomunyoza, chifukwa mkangano umatha koma nyimbo ana amapitiriza kuiimba.

Iwe wa ku Makawa, Loweruka likubwerali ukwere kabaza ubwere nayo gitalayo kuno chakumadzulo, dzuwa litapepa. Ndikufuna ndione ndekha mpata wa mawayawo tisananene zambiri za zala zako. Ubwere utawenga zikhadabo.