Mapiritsi m'malo mwa jakisoni wa chindoko

Achimwene ena okhala ku Rosettenville andilembera imelo kuti kuchipatala awapeza ndi chindoko, koma m'malo mowabaya jakisoni awapatsa mapiritsi a doxycycline, ndipo akufunsa ngati awatero chifukwa ndi obwera. Funsoli landifika pamtima, chifukwa ndi zomwe ndinaganiza inenso m'chaka changa chachiwiri muno mu Johannesburg.

Nthawi imeneyo ndinkasamala maluwa m'nyumba za anthu ku Randburg. Kachilonda kosapweteka kanatuluka kumaliseche n'kupola kokha, ine n'kumati zatha, mpaka patapita miyezi iwiri m'zikhato ndi kumapazi munabuka timadontho tofiirira. Namwino anandiuza kuti jakisoni wa benzathine penicillin anali atatha, ndipo anandipatsa mapiritsi 28 a 100 mg, limodzi m'mawa ndi lina madzulo kwa masiku 14. Ndinatuluka ndili wokwiya, ndikuganiza kuti jakisoniyo asungira eni dziko. Ndinkawamwa m'mimba mulibe kanthu pothamangira taxi, nseru inandikwana, ndipo pa tsiku lachisanu ndinawaponya pansi pa bedi. Pomwe ankandiyezanso magazi matenda anali momwemo, ndipo ndinali nditapatsira kale mayi a kunyumba, amene anali oyembekezera. Iwo anachita kufunafuna jakisoni m'zipatala zitatu, popeza doxycycline sapatsidwa kwa mayi wapakati, komanso penicillin ndiye amateteza mwana m'mimba. Manyazi a masiku amenewo sanandichokebe.

Ife Amalawi tinakula tikukhulupirira kuti mankhwala enieni ndi obaya, moti agogo anga ankati dokotala wongopereka mapiritsi sanawaone bwino. Maganizo amenewa ndimadana nawo tsopano. N'zoona kuti penicillin ndiye woyamba pa chindoko kuyambira 1943, koma malangizo a 2016 a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amatchula doxycycline kuti ndi wolowa m'malo pamene thupi la munthu limadana ndi penicillin kapena pamene penicillinyo wasowa. Jakisoni amapambana chifukwa akangolowa m'thako mulibenso mwayi woiwala, pomwe mapiritsi amadalira khama lanu, ndipo khama ndi limene ine ndinalibe.

Zoti muchite, achimwene

Malizani mapiritsi onse, ndipo musadabwe akakuuzani masiku 30, chifukwa ndi mmene zimakhalira matenda akakhalitsa m'thupi. Muzimwa mutadya, ndi kapu yodzaza madzi, osagona nthawi yomweyo, ndipo mkaka kapena amasi muziyamba mwadikira maola awiri. Ngati mumagwira ntchito panja muzivala chipewa ndi malaya a manja aatali, popeza mankhwalawa amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Alamu apite akayezedwe sabata ino, musagonane mpaka nonse mutamaliza mankhwala, ndipo mudzabwerere kukayezetsanso magazi pa tsiku limene anakulemberani pakhadi.