Seva ikukana pasiwedi yolondola, tigule switch ina?

Funso: Tili ndi kaofesi kowerengera ndalama ku Ginnery Corner, makompyuta asanu ndi seva imodzi ya Windows Server pomwe timasunga mafayilo onse, ndipo tonse timalowa pa domeni, ndiye kuti seva ndiyo imatsimikiza pasiwedi za tonse. Magetsi anathima Loweruka usiku wonse. Lolemba m'mawa makompyuta awiri ayamba kukana kutsegula foda ya pa seva. Akufunsa pasiwedi, tikulemba yathu ya masiku onse, akuti "Access is denied". Nthawi zina kukutuluka "The RPC server is unavailable". Atatu enawo akulowa bwinobwino. Mnyamata wina watiuza kuti switch, kabokosi kolumikiza makompyuta onse, yapsa, tigule ina. Tigule?

Yankho: Ndalamayo isungeni, Amayi. Switch yakupsa sifunsa munthu pasiwedi. Ngati kompyuta yafika pofunsa, ndiye kuti uthenga ukupita ku seva n'kubwerako, msewu uli bwino. Seva yangokana kukukhulupirirani.

Yang'anani wotchi ya makompyuta awiriwo, pansi kudzanja lamanja. Osati ola lokha, tsiku ndi chaka chomwe. Kenako pitani pa seva muyerekeze. Vuto limeneli ndakumana nalo kambirimbiri, ku Limbe, ku Chichiri, m'tauni momwemu, ndipo likabwera m'mawa wotsatira kuthima kwa magetsi, ndimayambira pa wotchi ndisanatsegule n'komwe chikwama cha zida.

Pa domeni, chomwe chimatsimikiza kuti inu ndinudi ndi Kerberos. Mukalowa, seva imakupatsani katikiti kodindidwa nthawi, ndipo mwachikhazikitso salola kuti wotchi ya kompyuta ndi ya seva zisiyane kupitirira mphindi 5. Opanga Kerberos anachita dala, kuti wakuba asatole tikiti yakale n'kuloweranso nayo. Zikasiyana kwambiri, pasiwedi ingakhale yolondola bwanji, khomo silitseguka. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti Windows yeniyeniyo imakulolani kulowa, chifukwa imakumbukira pasiwedi yomwe munalowera komaliza. Ndiye mumaona ngati zonse zili m'malo, mpaka mutagwira foda ya pa seva.

Nanga wotchi imasokonekera chiyani? Pa bodi ya kompyuta pali kabatire kozungulira ngati kobiri, CR2032, ka mavoti 3. Ntchito yake n'kusunga nthawi kompyuta ikakhala yopanda magetsi. Kakatha simudziwa, chifukwa chingwe chikakhala pakhoma bodi imapezabe moto pang'ono. Magetsi akangothima usiku wonse, kompyuta imadzuka ili m'chaka china. Makompyuta ambiri m'maofesi ang'onoang'ono muno ndi akaunjika, anagwira kale ntchito zaka zingapo kunja, ndipo kabatire aka palibe anakasinthapo. Kayezeni ndi mita. Ine kakatsika kufika cha m'ma 2.7 ndimataya, sindikambirana nako.

Chonde musakagule timabatire ta pakhadi tomwe timakhala padzuwa tsiku lonse mumsika, tija amagulitsa tisanu mtengo wa kamodzi. Ndinatsegulapo khadi latsopano, awiri anali akufa kale asanalowe m'kompyuta. Gulani ka Panasonic, Maxell kapena Energizer pamalo odalirika. Mudzasintha kamodzi, muiwale zaka.

Pali msampha wina pa nkhani yomweyi ya wotchi, ndipo umagwira ngakhale anyamata odziwa ntchito. Wotchi ikhoza kuonetsa 8 koloko ndendende, chimodzimodzi ndi ya pa seva, koma n'kukhala yolakwika. Kerberos sayang'ana ola lomwe mukuona inu, amawerengera pa UTC, nthawi imodzi yomwe mawotchi a dziko lonse lapansi amayerekezerapo. Ife tili pa UTC+2, ndipo pa Windows timasankha pomwe palembedwa Harare, Pretoria. Kompyuta yochokera ku America nthawi zambiri imabwera ili pa Pacific Time. Wina amaona ola lalakwika, m'malo mosintha time zone amangokankha wotchi ndi dzanja. Pamaso zakhala bwino, koma m'kati kompyuta yasiyana ndi seva maola 9 kapena 10. Choncho yambani ndi time zone, kenako tsiku, kenako ola. Mukafikitsa pafupi, tsegulani Command Prompt ngati administrator mulembe w32tm /resync, kenako klist purge kuti matikiti akale achoke, muzimitse n'kuyatsanso.

Kuti mutsimikize musanamasule sikuluwu ngakhale imodzi, yesani kutsegula foda ndi nambala ya IP ya seva m'malo mwa dzina lake. Mukagwiritsa ntchito nambala, Windows imasiya Kerberos n'kudutsira njira yakale ya NTLM. Ikatseguka ndi nambala koma n'kukana ndi dzina, mlandu uli pa wotchi kapena pa DNS, yomwe imasandutsa dzina la seva kukhala nambala yake.

DNS yo sindichedwapo: makompyuta a pa domeni aziloza DNS yawo ku seva yanu, osati ku rauta, osatinso 8.8.8.8 ya Google. Alipo amene amaika 8.8.8.8 paliponse ati intaneti ithamange, kenako kompyuta imasowa seva yake yomwe ili m'chipinda chomwecho. Uthenga wa RPC uja kawirikawiri umachokera pamenepa kapena pa firewall, mlonda wa makomo a netiweki. RPC, njira yomwe kompyuta imapemphera ntchito kwa inzake, imagogoda pa doko (khomo la netiweki) 135 kenako imapatsidwa doko lina pakati pa 49152 ndi 65535, pomwe mafayilo amadutsa pa 445. Antivirus yotsitsa mwaulere yokhala ndi firewall yakeyake imatseka madoko amenewa osakuuzani. Komanso magetsi akabwera, makompyuta amadzuka msanga kuposa seva, n'kuiona netiweki ngati ya Public, yosadalirika, n'kutseka madoko ena. Muziyatsa seva kaye, idzuke bwinobwino, ena pambuyo.

Zikakanikabe, tsegulani Credential Manager mufufute pasiwedi yakale ya seva yomwe inasungidwa, mulembenso net use * /delete. Mukaona uthenga wonena za "trust relationship", pamenepo ndiye muitane munthu, kompyutayo iyenera kulumikizidwanso ku domeni. Ndipo seva yosunga mabuku a ndalama za anthu kumaisiya pakhoma popanda UPS, batire yothandiza magetsi akathima, Amayi, pepani koma kumeneko n'kusasamala. Lero ndi wotchi, tsiku lina idzakhala hard disk.

Funso: Ndikuphunzira Linux kunyumba ku Chilomoni. Ndaika NFS, yogawira mafoda pa netiweki, pa kompyuta ya Ubuntu, koma Ubuntu wina wa mu VirtualBox (pulogalamu yoyendetsa kompyuta ina m'kati mwa inzake) pa laputopu akukana, akuti "access denied by server while mounting". Mu /etc/exports ndalemba bwino. Wotchi ndayang'ana, ili bwino.

Yankho: Wachita bwino kuyang'ana, mphwanga, koma NFS wamba alibe nazo ntchito za wotchi pokhapokha utaika Kerberos. Vuto lako ndi NAT, njira yomwe VirtualBox imabisira makina a m'kati kuseri kwa nambala ya laputopu. NFS imayenda pa RPC, ndipo seva ya Linux mwachikhazikitso imangolandira pempho lochokera pa doko lochepera 1024. NAT ya VirtualBox imasintha dokolo n'kukhala lalikulu, komanso seva imaona nambala ya laputopu, osati ya makina a m'katiwo. Ukayang'ana malogi a seva upeza mawu akuti "illegal port". Mu VirtualBox sintha netiweki ikhale Bridged kuti makinawo akhale ndi nambala yawoyawo, uonetsetse kuti nambala yatsopanoyo ikuloledwa mu /etc/exports, ulembe exportfs -ra. Ena amangoonjezera insecure pamzere wa foda. Pophunzirira kunyumba palibe kanthu, koma usakachite zimenezo pa ofesi ya munthu.

Ikalumikizika n'kumakana kulemba, usadabwe. NFS siyang'ana dzina lako, imayang'ana nambala ya UID. Lemba id mbali zonse ziwiri uone ngati zikufanana. Ndipo sudo sikuthandiza, chifukwa root_squash imasandutsa root, mwini mphamvu zonse, kukhala nobody wopanda mphamvu akangofika pa seva.