Yankho kwa achemwali pa samu ya mabulaketi ija

Mwaswera bwanji achemwali? Pepani ndachedwa kuyankha, ndinali m'minibasi kuchokera ku depoti, ndi phokoso lija simukanandimva. Panopa ndafika ku Area 25. Chithunzi chija ndachiona, samu ya 3(x + 4) = 27, ndipo mukufunsa kuti aphunzitsi amuthetha chifukwa chiyani mwanayo. Mpatseni foni amve yekha.

Mwana wanga, ndi amalume ako. Pamzere wachiwiri walemba 3x + 4 = 27, ndipo palakwika pamenepo basi. 3 amene ali kunja kwa mabulaketiyo ali ngati mlendo wolowa m'nyumba. Kodi mlendo amangopatsa moni amene wakhala pakhomo n'kukhala pansi? Ayi, amagwira chanza aliyense. Iwe x wamupatsa moni, 4 wamudumpha. Ndiye 3 kuchulukitsa ndi x ndi 3x, 3 kuchulukitsa ndi 4 ndi 12. Tsopano tili ndi 3x + 12 = 27.

Kwatsalako n'kosavuta. Chizindikiro cha = chapakaticho ndi sikelo, zimene wachita mbali ino uchitenso mbali inayo. Chotsa 12 uku ndi uku, patsala 3x = 15. Gawa ndi 3, x ndi 5.

Usatseke kope msanga. Bwezera 5 uja pamene panali x: 5 kuphatikiza 4 ndi 9, kuchulukitsa ndi 3 ndi 27. Zagwirizana, eti? Ukazolowera zimenezi udzidziwa wekha kuti wakhoza aphunzitsi asanachonge, ngakhale pa mayeso a JCE.

Koma chimene ndikufuna usamale kwambiri ndi mainasi, chifukwa amagwetsa ngakhale ana anzeru. Tenga 20 − 2(x − 3) = 10. Mlendo apa si 2 chabe, ndi mainasi 2, amalowa ndi mainasi wakeyo. Akakumana ndi x, mainasi 2x. Akakumana ndi mainasi 3, mainasi awiriwo amabereka pulasi, ndiye pulasi 6. 20 kuphatikiza 6 ndi 26, ndiye zikhala 26 − 2x = 10, kutanthauza kuti 2x ndi 16, x ndi 8.

Achemwali, chonde musamukalipire, mutu wake ukugwira bwino, mizere inayo anaitsata ndithu. Ayese iyi madzulo ano, 5(x − 2) = 30, mundijambulire ndione. Loweruka ndibwera ku Kawale tidzakhale naye pansi. Moni kwa alamu.